Mpweya umene timapuma m'sitima yankhondo

Abale anga akumudzi, mukamandifunsa za ntchito yanga kuno ku Portsmouth, ambiri mumafunsa za mizinga, ena za malipiro. Komatu chimene chimatidyera nthawi ife asilikali apamadzi a ku Britain si kuwombera ayi. Timakhalira kuphunzira kuzimitsa moto, kutseka pobooka madzi akamalowa, ndi kuteteza mpweya umene tikupuma. Lero ndikufuna ndikusimbireni za mpweyawu.

Msilikali wapamtunda, poizoni akawazidwa pamene ali, angathe kusamukira kumene kukuchokera mphepo. Ife tili anthu pafupifupi 200 m'chitsulo chimodzi pakati pa nyanja, ndipo tonse, kuyambira kaputeni mpaka wophika, tikupuma mpweya umodzi woyenda m'mapaipi. Poizoni akalowa potulukira pamodzi, wafika kwa aliyense.

Maphunziro amayambira ku HMS Raleigh, sukulu ya asilikali apamadzi imene ili m'tauni ya Torpoint ku Cornwall, kumene aliyense wolowa usilikali wapamadzi ngati msilikali wamba amakhala milungu 10. Kumeneko amakupatsa masiki yako ya labala yophimba nkhope yonse, yokhala ndi zosefera mpweya ziwiri, ndipo amaiyeza kuti igwire nkhope yako bwinobwino. Lamulo lake ndi masekondi 9. Chenjezo likamveka umasiya kupuma, kutsinzina, kuisolola m'chikwama chimene chili m'chiuno, kuivala, kupumira kunja mwamphamvu kuti mpweya woipa utuluke, kenako kukuwa kuti "Gas, gas, gas!" anzako amve. Timabwereza mpaka manja azichita okha, ngakhale mumdima.

Kenako amakulowetsani m'kachipinda kodzaza utsi wokhetsa misozi, womwe uja apolisi amaponya pa zionetsero. Uli m'masiki umapuma bwinobwino, umangomva kuyabwa m'khosi pamene pali thukuta. Akakuuza kuti vula, unene dzina lako ndi nambala yako, sufika kumapeto. Maso amawotcha, mamina amatsika osaletseka, chifuwa chimathina. Sachitira nkhanza. Amafuna kuti thupi lako lidziwe lokha kuti labala uja akugwiradi ntchito, kuti tsiku loopsa usadzaivule ndi mantha. Ndevu nazo ndi nkhani: kuno msilikali wapamadzi amaloledwa kusunga ndevu akapempha, koma kukakhala chiopsezo cha poizoni amameta, chifukwa tsitsi limasiya kampata pakati pa labala ndi khungu. Kwa ife akhungu lakuda, amene kumeta pafupipafupi kumatitulutsa tiziphuphu, zimawawa ndithu, koma kampata kameneko ndi imfa.

Sitima nayo ili ndi chitetezo chake, chimene amachitcha citadel. Zitseko zonse zachitsulo zimatsekedwa, mpweya wakunja umalowa podzera m'zosefera zokha, ndipo makina amaupopa kuti wam'kati ukhale wothinana pang'ono kuposa wakunja. Choncho pakakhala kamng'alu, mpweya umatuluka m'malo molowa. Akatseka umamva m'makutu kuti phu. Wofuna kutuluka amadutsa zitseko ziwiri, ndipo chachiwiri sachitsegula choyamba chisanatsekedwe. Apa ndi pamene ine ndimaona kuti nkhani yonse yagona. Makina a ndalama zankhaninkhani aja amadalira mnyamata wa zaka 18 kuti akanikize chogwirira chitseko mpaka kumapeto, ali wotopa, pakati pa usiku, popanda womuona. Munthu woiwala chitseko amadzudzulidwa koopsa, ndipo ine ndimati n'zoyenera.

Kunja kwa sitima kuli timipopi tambirimbiri timene timathira madzi a m'nyanja paliponse, mpaka sitima yonse imakutidwa ndi nkhungu. Amatsegula fumbi la bomba la nyukiliya kapena madontho a poizoni asanagwe, kuti akagwa apeze chitsulo chonyowa ndipo akokoloke. Nzeru imeneyi inabwera anthu ataona zoopsa. Mu July 1946 dziko la America linaphulitsa bomba la nyukiliya pansi pa madzi ku Bikini, pa nyanja ya Pacific, pakati pa sitima zakale zimene anaziika dala. Madzi apoizoni anagwera sitimazo, asilikali anakwecha ndi maburashi ndi sopo koma poizoniyo anali atamatirira pa penti, pa dzimbiri ndi pa matabwa. Zambiri mwa sitimazo anangozimiza. Mu 2011 asilikali a pa sitima ya ku America yotchedwa USS Ronald Reagan anagwiranso maburashi kutsuka pabwalo potera ndege, sitima yawo itadutsa mu mpweya wapoizoni wochokera kumalo opangira magetsi a nyukiliya amene anawonongeka ku Fukushima, pamene ankathandiza anthu a ku Japan.

Nkhani imene inandikhudza kwambiri m'kalasi ndi ya ku Bari, doko la ku Italy. Usiku wa pa 2 December 1943 ndege za Germany zinaphulitsa sitima zimene zinali padokopo. Imodzi mwa izo, John Harvey ya ku America, inanyamula mwachinsinsi mabomba pafupifupi 2,000 a poizoni wotchedwa mustard. Poizoniyo anasakanikirana ndi mafuta oyandama pamadzi. Opulumutsa atavuula anzawo, anaona anthu akunjenjemera ndi kuzizira, n'kuwafunditsa mabulangete ali ndi zovala zawo zonyowa zomwezo. Anachita zimene munthu aliyense wachifundo angachite, poti palibe anawauza chimene chinali m'madzimo. Patapita maola angapo khungu linayamba kuchita matuza, maso kutupa osaona. Asilikali oposa 600 anapsa ndi poizoniyo ndipo oposa 80 anamwalira.

N'chifukwa chake amene anali kunja salowa m'sitima chilowereni. Amadzera m'chipinda chotsukira, kumene mnzake amamuvula chovala chodzitetezera pang'onopang'ono, mochipindira kunja, kuti mbali yoipa isakhudze khungu. Iwe umangoima, mikono yotambasula, kumvera. Masiki imachoka pomalizira penipeni. Chovalacho chili ndi makala m'kati mwake oti azigwira poizoni, ndipo ukachivala kumadera otentha ngati ku Bahrain, pamodzi ndi magolovesi ndi majombo a labala, umakhala ngati uli m'balani ya fodya moto uli mkati. Thukuta limadzaza m'magolovesi mpaka kumamveka ukapinda zala. Madzi umamwera pa kapaipi ka pa masiki, ndipo mnzako amakuyang'ana m'maso kuona ngati kutentha kwayamba kukuzunguza mutu.

Tsiku limene ankatiphunzitsa za poizoni wogwira mitsempha, monga sarin ndi Novichok uja anagwiritsidwa ntchito ku Salisbury kuno ku Britain mu March 2018, mtima wanga unali kwathu. Mphunzitsi ankatchula zizindikiro: dovu kuchucha, thukuta, kamwana ka diso kuchepa kwambiri, minofu kunjenjemera, kupuma mobanika. Izi ine ndinaziona kale pamudzi, pa munthu amene anamwa tameki. Tameki ndi mankhwala ambiri opopera thonje ndi tomato amagwira thupi mofanana ndi poizoni wankhondoyu, kungoti wankhondo ndi wamphamvu kutalitali. Ngakhale mankhwala ake ndi amodzi: jakisoni amene timaphunzira kudzibaya pantchafu kudutsa chovala ali ndi atropine, yemweyo amene madokotala kwathu amapatsa womwa mankhwala a mbewu. Ndiye amalume ndi nonse amene mumapopera m'dimba mutavala malaya okha, ndikukupemphani. Mankhwala akakutayikirani, vulani zovalazo msanga, sambani ndi sopo ndi madzi ambiri. Wina akamwa, musamusanzitse ndipo musataye nthawi ndi mkaka. Thamangani naye kuchipatala mutatenga botolo lake. Botololo lisamakhale m'nyumba yogona ana, ndipo likatha lisasanduke lothiramo mchere kapena mafuta ophikira.

Pa ziopsezo zonse zitatu, poizoni, nyukiliya ndi matenda, chimene chagwetsadi sitima zankhondo m'zaka zathu zino ndi matenda. Mu 2020 Covid inalowa m'sitima ya ku America yotchedwa USS Theodore Roosevelt, anthu oposa 1,200 anapezeka nayo, mmodzi anamwalira, ndipo chisitima chonyamula ndege chija chinakhala chomangirira ku Guam kwa milungu yambiri. Ya ku France, Charles de Gaulle, nayo inali ndi odwala oposa 1,000. Zosefera sizithandiza pamenepa, chifukwa kachilombo kamalowa ndi munthu, pakhomo, atanyamula chikwama chake. Timagona pa mabedi osanjikizana atatuatatu, timagwira makwerero amodzi, timadyera malo amodzi. Wina akangoyamba kutsegula m'mimba amamupatula nthawi yomweyo, ndipo pakhomo la chipinda chodyera pamaima munthu woonetsetsa kuti aliyense wasamba m'manja.

Pali ntchito ina imene ndikaimva ndimanyadira yunifomu imeneyi. Mu 2014 sitima yathu ya ku Britain yotchedwa HMS Montrose inaperekeza sitima za ku Denmark ndi Norway zimene zinkatulutsa zida za poizoni za dziko la Syria padoko la Latakia. Matani pafupifupi 600 a mankhwala oopsa kwambiri anawonongedwera pa nyanja ya Mediterranean m'sitima ya ku America yotchedwa Cape Ray. Poizoni ameneyo sanafikenso pakhosi la mwana aliyense.

Mwezi wamawa tikupita ku Plymouth kukayesedwa. Kumeneko Lachinayi lililonse kumakhala nkhondo yoyeserera: ndege zimatiukira, oyesa amatulutsa utsi m'makonde, amagoneka anthu pansi ngati ovulala, n'kumayenda ndi mabuku awo kuona zitseko chimodzichimodzi. Masiku amenewo netiweki imavuta ndipo nthawi yogona imachepa, choncho amayi mukaona uthenga wanu wa pa WhatsApp usanayankhidwe musade nkhawa. Ndalama ya feteleza nditumiza tisananyamuke.