Kuombera mphongo yaing'ono kapena kudikira nkhalamba?

Alenje a mbawala za mchira woyera zotchedwa whitetail ku America amakangana nkhani yomweyi chaka ndi chaka: mphongo ikatulukira patsogolo pako, uombere pompo kapena uisiye ikule kaye?

Gulu loyamba ndi lofuna nyama basi. Iwowa mphongo ya chaka chimodzi ndi theka imawakwanira, nyama yake ndi yofewa komanso sivuta kuipeza poti sinachenjere, ndiye munthu wapempha masiku awiri okha kuntchito, laisensi walipira, ukamuuze kuti adikire chani? Akufuna firiji idzaze.

Enawo ndi oleza mtima, amadikira ya zaka 4 kapena 5. Ndipo sayang'ana nyanga zokha ayi, chifukwa nyanga zimagwa chaka chilichonse nkumeranso, kukula kwake kumadaliranso zakudya ndi mtundu. Amayang'ana thupi: khosi lonenepa lochita kulumikizana ndi chifuwa, mimba yolendewera pang'ono, miyendo kumaoneka ngati yaifupi. Yaing'ono ija imangokhala ngati yaikazi yomwe aiveka nyanga, miyendo italiitali. Vuto lake nkhalambazi zimakonda kuyenda usiku, utha kukhala mumtengo sabata yonse ukunjenjemera ndi chisanu nkubwerako chimanjamanja.

Malamulo nawo analowererapo. Ku Pennsylvania kuyambira 2002, kuti uloledwe kuombera mphongo, nyanga ya mbali imodzi iyenera kukhala ndi nsonga zosachepera zitatu, pomwe madera ambiri a Texas amayeza mpata wa pakati pa nyanga, usachepere mainchesi 13.

Ineyo ndili mbali ya odikirawo, komatu ngati nkhalango yake ndi ya boma, imene waisiya iwe lero mnzako kuseri kwa phiri aiombera mawa lake.