Ndemanga ya pulogalamu yoponya mtengo okushoni ikamatha

Ntchito yanga ndi yoperekeza alendo okwera phiri la Mulanje, ndipo ndimakhala pafupi ndi Likhubula. Kamera imene ndinkajambulira alendo pa Sapitwa inalowa madzi nthawi ya chiperoni, choncho ndinaganiza zofuna ina yogwiritsidwapo kale ntchito pa okushoni ya eBay, tsamba la pa intaneti logulitsirapo katundu, kudzera mu akaunti ya alamu anga amene amakhala ku Leeds ku England, omwe amalipira kumeneko n'kupatsira katunduyo munthu wobwera kuno. Ndemanga iyi ndi ya pulogalamu ya pa intaneti imene imakuponyerani mtengo kutatsala masekondi ochepa kuti okushoni itsekedwe, zomwe eni ake amati sniping, ndipo ndaigwiritsa ntchito kanayi.

Ndisanaidziwe, ndinkatsata njira imene eBay imalangiza. Mumalemba ndalama yokwera kwambiri imene mungathe kulipira, ndipo kompyuta yawo imabisa ndalamayo n'kumakukwezerani mtengo pang'onopang'ono pokhapokha wina akaponya wake. Ngati anthu awiri alemba ndalama yofanana, amapambana ndi amene anayamba. Njirayi imamveka yachilungamo, koma ine inandipweteka pa kamera yoyamba. Ndinalemba mapaundi 140 kutatsala masiku asanu, pamene mtengo unali pa 70. Kenaka panabwera munthu wina amene sankadziwa n'komwe ndalama imene akufuna kulipira, koma ankangowonjezera mapaundi awiriawiri, tsiku lililonse kangapo, ngati mwana wogogoda chitini kuti amve ngati muli kanthu. Pofika tsiku lomaliza anali atafika pa malire anga n'kuwadutsa. Ndikukhulupirira kuti akanapanda kuona kuti pali wina womulimbirana naye, akanaima pa 90.

Ife a kuno tikamva mawu akuti okushoni timaganiza za fodya kapena tiyi wa ku Limbe, kumene wogulitsa amadikira mpaka ogula onse atakhala chete. Pa eBay si choncho, chifukwa nthawi yotsekera ndi yoikika, ndipo ikakwana, ngakhale wina akhale ndi ndalama zambiri m'manja, chitseko chatsekedwa basi. Masamba ena, monga Yahoo Auctions ya ku Japan, amatha kuwonjezera mphindi zisanu wina akaponya mochedwa, ndipo kumeneko pulogalamu yotereyi phindu lake ndi lochepa.

Ndinayesapo kuponya ndekha pa foni kumapeto. Okushoni inkatha 9 koloko usiku ku England, imene mu January ndi 11 koloko kuno, magetsi anali atazima, ndipo netiweki ya m'munsi mwa phiri inangozungulirazungulira mpaka nthawi inadutsa. Apa m'pamene pulogalamuyi inandikhutiritsa, popeza mtengo umaponyedwa kuchokera pa makompyuta awo osati pa foni yanga. Ndinalemba mapaundi 143 masana ndili ku boma, ndinasankha kuti iponye kutatsala masekondi 6, n'kukagona. M'mawa ndinapeza kuti kamera ndi yanga pa mapaundi 112, chifukwa ngakhale woponya mochedwa salipira ndalama yonse imene analemba, koma kungodutsa pang'ono wachiwiri wake. Nambala yosakwana bwino ngati 143 ndimaikonda, poti ambiri amaima pa 140.

Pa maulendo anayiwo ndinapambana kawiri. Kawiri kenako ndinagonja kwa anthu amene anali atalemba kale ndalama yoposa yanga masiku ambuyomo, ndipo pamenepo pulogalamu ilibe mlandu. Chimene ndinaiyamikira kwambiri n'chakuti mtengo ndimatha kuusintha kapena kuufafaniza nthawi isanakwane, pamene woponyedwa kale pa eBay ndi lonjezo lovuta kubweza. Kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, paundi iliyonse ndimaiwerengera kawiri, ndipo mpata woganizanso ndi wofunika kwa ine.

Chodandaulitsa ndi chimodzi, koma ndi chachikulu ndithu: pulogalamuyi imafuna kuti muipatse chilolezo cholowera mu akaunti, ndipo alamu anga sanasangalale nazo. Tinagwirizana kuti azisintha mawu achinsinsi nthawi iliyonse tikamaliza kugula, zomwe zimawatayitsa nthawi. Pa chifukwa chimenechi ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo mwezi wamawa ndidzaigwiritsanso ntchito pofuna batire lapadera la kamera yomweyi.