Zorki 4 ndi lenzi ya Jupiter-8: nyenyezi zitatu, ziwiri zapita chifukwa cha wogulitsa

Ndikulemba mtima utatsikako. Ndikadalemba mu Disembala, tsiku lomwe envulopu ya zithunzi inafika kuchokera ku Johannesburg, bwenzi nditapereka nyenyezi imodzi, ndipo mawu ake sakadawerengeka pamaso pa ana.

Kamera yake ndi Zorki 4, yakale yojambulira pa filimu, yomwe inakhalitsa pa Facebook, ya mnyamata wa mumzinda wa Tete wogulitsa zinthu zakale. Ankati 6,000 meticais, tinanenerera mpaka 4,500, ndinalipira pa M-Pesa titabisala pamthunzi chakufupi ndi mlatho wa Samora Machel. Anandipatsa kamera, lenzi yake Jupiter-8 ya 50mm f/2 (f ndi nambala ya kutseguka kwa lenzi, ikachepa ndiye kuti yatseguka kwambiri), ndi chikwama chachikopa chonunkha nkhungu, chomwe mbali yake yakutsogolo inali itaduka kalekale. Chivundikiro cha lenzi panalibe. Nditafunsa anaseka. "Aaa bwana, kachivundikiro n'kachiyani? Ndikupezerani sabata yamawa. Chilichonse chikugwira ntchito, handiredi peresenti." Kenako anayamba kundifotokozera za mzungu wina wa ku migodi ya malasha ku Moatize yemwe akuti ndiye anali mwini wake. Izo zinangolowa khutu ili n'kutulukira linali, wogulitsa zakale aliyense ali ndi mzungu wake. Chimene ndinakhulupirira ndi nambala yolembedwa pa kamerayo, yoyamba ndi 67, kusonyeza kuti inapangidwa mu 1967. Zorki 4 ankaipanga ku fakitale ya KMZ ku Krasnogorsk, pafupi ndi Moscow, kuyambira 1956 mpaka 1973.

Ndinaigulira chinthu chimodzi: chinkhoswe cha mlongo wanga kwathu ku Angónia, kufupi ndi phiri la Dómuè. Mafoni analipo ambiri, koma ine ndinkafuna zithunzi zonga za ukwati wa amayi, zija zili mu alubamu mpaka lero pamene mafoni anayi andifera ndi zonse zinali m'menemo. Msuweni wanga woyendetsa thiraki anandibweretsera mafilimu awiri a Kodak Gold 200, iliyonse ya zithunzi 36. Yoyamba ndinaiika tsiku lomwelo, ndinajambula mlatho, mtsinje wa Zambezi ndi amayi ena akuchapa, zithunzi zisanu, zotsalazo n'kusungira mwambo.

Pa chinkhoswepo ndinali munthu. Anyamata a mafoni ankandipatukira. Ankhoswe akusinthana tambala ndi msoti, ine ndagwada pafumbi diso lili pakawindo koyang'anira ka kamera. Mlamu wanga akupatsidwa nkhwangwa, mlongo wanga lichero ndi mthiko, ine pomwepo. Kamerayi ikalira imamveka ngati msampha wa mbewa wafwamphuka, moti azakhali ankatembenuka nthawi iliyonse n'kukonza duku. Ndinauza aliyense kuti adikire mwezi umodzi, adzaona zithunzi zenizeni.

Filimu inapita ndi msuweni yemweyo kukatsukidwa ku Johannesburg. Kutsuka, kuziika pa kompyuta ndi kusindikiza kunandidyera ndalama yomwe sindinauze mayi a kunyumba. Patatha masabata asanu envulopu inafika, ndipo kupusa kwanga, ndinaitsegula pamaso pa banja lonse pakhonde, ndisanasuzumiremo ndekha.

Chithunzi chilichonse cha chinkhoswe chinali ndi banga. Loyera pakati, lofiirira m'mbali, kukula kwake ngati ndalama yachitsulo, ndipo pamalo amodzimodzi, chakumtunda pang'ono kwa pakati. Pamene pamakhala nkhope ya munthu. Ankhoswe alipo, tambala akuoneka nthenga iliyonse, koma mutu wa amalume ndi dzuwa. Mlamu wanga wanyamula nkhwangwa bwinobwino, pamphumi pake pakuyaka moto. Pa chithunzi cha awiriwo atagwirana manja, chomwe mlongo wanga anali atagulira kale felemu, bangalo linadya theka la nkhope yake. Khonde lonse linangoti zii. Ndiye azakhali anatenga chimodzi, kuchiyandikiza kumaso, kuchitalikitsa, n'kufunsa motsitsa mawu: "Kodi mkamwiniyu kwawo n'kwabwino? Chikumutsatirachi n'chiyani?" Anthu anaseka, inenso ndinayesa kuseka, koma mlongo wanga anangodzuka n'kulowa m'nyumba. Chinkhoswe sachita kawiri.

Usiku womwewo ndinamuimbira mnyamata uja. Sanayankhe. Ndinamutumizira zithunzi pa WhatsApp, timizere tiwiri tinasanduka tabuluu, iye chete. Tsiku lachitatu ndi pamene anayankha, akuti vuto ndi otsuka filimu. Nditamuuza kuti otsuka sangaononge malo amodzimodzi pa zithunzi 30, anasintha, akuti filimu inali yakale. Nditamuonetsa deti la pabokosi, akuti mwina ndinatsegula kumbuyo kwa kamera. Pomaliza anandilembera kuti, "Bwana, katundu wakale alibe garanti," n'kuika kankhope koseka. Kankhope kameneko ndi kamene kanandipweteka kuposa ndalama. Ndinafika pokonza zokwera chapa, minibasi ya kuno kwathu, ulendo wonse uja wodutsa pa Mussacama ndi Moatize, kuti ndikangomuponyera chitsulo chakecho pamapazi.

Amene anandiletsa ndi madala ena a ku Ulongué omwe kale ankajambula anthu zithunzi za ziphaso, pano amakonza mawotchi pakhonde. Ndinapita kuti akandilembere umboni woti ndinagulitsidwa chinthu chakufa. Iwo sanafulumire. Anachotsa chakumbuyo chonse, pakuti pa Zorki 4 chimachoka chathunthu ukapotokola timakiyi tiwiri tapansi, anamasula lenzi, n'kundilowetsa m'kachipinda kamdima. "Yatsa tochi ya foni yako, mwana wanga, uunike kutsogoloku." Pa nsalu yakuda yotchinga filimu m'kati mwa kamera panatulukira kanyenyezi kamodzi. Kabowo kochepa ngati koboola ndi singano, m'mbali mwake mopserera.

Makamera awa shutter yake, chomwe chimatseguka n'kutsekeka kuti kuwala kufike pa filimu, ndi nsalu ziwiri zopakidwa labala zomwe zimathamangitsana kutsogolo kwa filimu. Pakati pa lenzi ndi nsaluyo palibe galasi lotchinga ngati m'makamera ena aja umayang'anira mu lenzi momwemo. Ndiye lenzi ikayang'ana dzuwa popanda chivundikiro, makamaka itatsegulidwa kwambiri, imasonkhanitsa dzuwa lonse pa kadontho kamodzi, monga tinkachitira ndi galasi kusukulu poyatsa pepala. Nsalu imapsa, osati pa ola, pa kanthawi kochepa chabe.

Ndinati eya, ndiye anandigulitsa yobooka. Madala anapempha manegativu, anawayang'anitsa kumwamba n'kuwerenga ndi chala. "Izi zisanu zoyambazi unajambula kuti?" Ndinati ku Tete, tsiku logula. "Zili ndi banga?" Zinalibe. Mlatho uli mbee, zingwe zake zikuwerengeka. Chachisanu ndi chimodzi chinali chakuda bii chonse. "Nanga pobwera kuno, kamerayi inali pati?"

Ndinakhala kaye chete, chifukwa ndinakumbuka. Ndinapeza mpando wakutsogolo mu chapa, ndipo poopa kuti ingaphwanyike m'chikwama pansi pa matumba a anthu, ndinaigoneka chagada pa dashibodi, lenzi kuyang'ana kumwamba. Chapa inatenga maola awiri kuti idzaze. Novembala, mumzinda wa Tete, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo ngakhale mbuzi zimakanganirana mthunzi. Kunena zoona, nsaluyo ndinaiotcha ndine.

Apa ndiye pamene nyenyezi zinayamba kubwerera. Koma mnyamata uja sindinamukhululukire, ndipo musandiuze kuti ndimukhululukire. Munthu wogulitsa kamera ya nsalu m'chigawo chotentha chonchi, wopanda chivundikiro, n'kumanena kuti kachivundikiro n'kachiyani, ndiye kuti mwina sadziwa chimene akugulitsa, kapena akudziwa koma alibe nazo ntchito. Mawu asanu okha akadapulumutsa chinkhoswe cha mlongo wanga. Chinanso chimene madala anandiuza chinandiwiritsanso magazi: pa Zorki susintha liwiro la shutter usanakoke filimu. Uyambe wapotokola chokokera mpaka chiime, kenako ukweze kagudumu ka manambala n'kukaika pomwe ukufuna. Ukachita mosemphanitsa ukhoza kuononga za m'kati, ndiponso nambala yomwe kakuloza imakhala yabodza. Tsono mnyamata uja, pondionetsa kuti "chilichonse chikugwira", ankangokapotokola uku ndi uku osakoka kalikonse, ine n'kumagwedeza mutu ngati ndikuona katswiri. Kuti sinathyoke tsiku limenelo ndi mwayi chabe.

Kukonza kwake kunandichititsa manyazi. Penti wakuda wa nsalu, kadontho kamodzi pa msonga ya kamtengo ka machesi, mbali zonse ziwiri, n'kuisiya masiku awiri osaikhudza kuti nsalu isamatirire pozungulira. Madala anatenga 200 meticais, ndipo anakana kuti ndiwonjezere.

Filimu yachiwiri ndinaijambula mwaulesi, ndilibenso chikhulupiriro: msika wa Ulongué, milu ya mbatatesi, njinga zopita ku Calómuè, ana a mlongo wanga wamkulu akusenda chimanga. Zitabwera ndinakhala pansi. Jupiter-8 ndi lenzi yotengera lenzi ya Sonnar ya kampani ya Zeiss ya ku Germany, ndipo pa nkhope ya munthu imachita zinthu zomwe foni yanga imangoyerekeza. Ukaitsegula pa f/2 kapena f/2.8 munthu amaoneka ngati watuluka m'pepala, kumbuyo kwake kutasungunuka, khungu lili lofewa koma diso lakuthwa. Pali chimodzi cha mayi wogulitsa tomato akuseka, dzino limodzi lagolide, chomwe ndachiyang'ana mwina kokwana zana.

Kulunjika kwake n'kumene ndakukonda kwambiri. Pakati pa kawindo pali kachigamba kowala, ndipo m'menemo chinthu chimaoneka pawiri. Umapotokola lenzi mpaka ziwirizo zikumane n'kukhala chimodzi, basi walunjika. Ndimasaka m'mphepete mwa khutu kapena kolala ya malaya. Masiku oyamba zinkanditengera nthawi mpaka munthu kutopa n'kumwetulira, pano ndi kamphindi. Kawindoko n'kakakulu, kowala, ndipo kali ndi kachitsulo kosinthira malinga ndi maso ako, moti ndimavula magalasi pojambula. Ndi bwino kuvula ndithu, chifukwa mkombero wake ndi wachitsulo, unandikanda galasi lakumanja.

Zotopetsa zilipo. Ilibe batire, zomwe n'zabwino, koma ilibenso choyezera kuwala, ndiye umayeza ndi mutu: dzuwa lili phwee, filimu ya 200, ndimaika lenzi pa f/16 ndi shutter pa 1/250 ya sekondi, kukachita mitambo ya ku Angónia kuno ndimatsegula mpaka f/8 kapena f/5.6. Mkombero wa f-wo sugwira, umangoterereka, ukaukhudza pang'ono wasuntha. Chokokera filimu ndi chopotokola ndi zala, pofika chithunzi cha 30 chala chachikulu chimakhala chitalira. Kuyandikira kuposa mita imodzi sikutheka, ndipo ukayandikira choncho zimene ukuona pakawindo si ndendende zimene lenzi ikuona, mwana wina ndinamudula chipewa. Kulemera ndiye musanene, pakhosi imakhala ngati wapachika mwala wa mphero.

Pa zithunzi za chinkhoswe chija chimodzi chinapulumuka. Agogo aakazi anakana kutuluka padzuwa, ndiye ndinawajambula m'nyumba pafupi ndi khomo, kawiri motsatizana. Chachiwiricho filimu sinakhalitse kuseri kwa bowo, komanso munali mdima, moti banga lake ndi kautsi chabe pamwamba pa phewa. Akhala pamphasa, manja ali pamaondo, akundiyang'ana ngati akufunsa kuti chitsulochi ndawononga ndalama zingati. Chimenecho ndi chomwe chinalowa mu felemu ya mlongo wanga. Akundilankhula tsopano, ngakhale nkhani ya kamera sitiitchula.

Kamerayo payokha ndikadaipatsa zisanu, pa 4,500 sindikudandaula. Wogulitsayo ndiye ayi. Mukakagula kwa iye, pitani ndi tochi, chotsani lenzi ndi chakumbuyo, muunike nsalu zonse ziwiri, musanakoke ndi mutakoka, ndipo musamulole kugwira kagudumu ka manambala. Chivundikiro chija papita miyezi inayi, sabata yamawa sinafikebe. Panopa lenzi ndimaivundikira ndi sokosi ya mwana, yabuluu, yomangidwa ndi labala ya ndalama.