Patha miyezi 8 ndili ndi buku la Tom Ripley, alamu anga akadali okwiya

Bukuli ndinaligula mu Novembala pa mulu wa mabuku akale m'mbali mwa msewu mumzinda wa Tete, pa mametikali 250, ndikudikira chapa (minibasi) yobwerera kwathu ku Ulongwe. Analemba ndi Patricia Highsmith ndipo linatuluka koyamba mu 1955. Langali ndi la Chipwitikizi, O Talentoso Mr. Ripley. Nditangolimaliza ndinauza aphunzitsi anzanga kuti ndi kankhani kaupandu kotayitsira nthawi basi. Pano ndaliwerenga katatu, ndipo mawu aja ndikuwabweza.

Za mapepala ndisataye nthawi. Chikuto chinathothoka ndi chinyezi cha dzinja, ndinamata ndi tepi, likuwerengekabe.

Tom ndi mnyamata wosauka wa ku New York. Bambo wina wachuma amamutuma ku Italy kuti akanyengerere mwana wake, Dickie Greenleaf, abwerere kwawo. Tom atafika amasirira nyumba, zovala ndi moyo wosagwira ntchito wa mnzakeyo, mpaka kumupha ndi nkhafi ali m'boti kufupi ndi San Remo. Kenako amavala zovala za malemuyo, kusaina dzina lake, n'kuphanso munthu wachiwiri ku Rome atayamba kumukayikira. Wakupha timamudziwa kuyambira pachiyambi. Chomwe chimakusowetsa tulo n'chakuti kodi agwidwa liti. Sagwidwa.

Alamu anga a ku Domwe anandibwezera bukuli nkhope itakwinya. "Alamu, mwandipatsa chiyani chimenechi? Munthu wapha anthu awiri, ndiye alandirenso chuma cha malemu?" Koma analimaliza masiku atatu okha, nthawi yopalira chimanga ameneyo!

Ndinawakumbutsa za Kalulu. Agogo ankatisimbira pamoto momwe ankanamizira Njovu ndi Fisi, ife n'kumaomba m'manja. Kalulu sanali wamakhalidwe, timangomukonda poti ndi wamng'ono pakati pa zazikulu. Tom ndi Kalulu yemweyo, kungoti pano magazi ndi enieni ndipo palibe woseka. Poliwerenga kachitatu ndinadzipeza mtima ukugunda pamene apolisi ankamufunsa mafunso, ndikumupempherera kuti asapunthwe pakamwa. Ndinatseka buku, manyazi atandigwira. Nsanje yakeyo siyachilendo kwa ine. Ndinaimva ndili mnyamata, anzathu akabwera kuchokera ku Joni ndi nsapato zonyezimira ine ndili ndi patapata. Mlembiyu sakupempha kuti umukhululukire Tom, amangokukhazika m'mutu mwake mpaka uzolowere fungo lake.

Pakati pa bukuli pamakoka, makamaka maulendo ndi makalata aja, ndipo poliwerenga kachitatu ndinadumpha masamba angapo. Mabuku a Ripley alipo asanu, lomaliza ndi la 1991, koma ndafunafuna ku Tete osapeza ngakhale limodzi. Langali sabata ino lili kwa akatekisiti a kwathu, omwe analibwereka mwakachetechete titatuluka m'tchalitchi.