Ndemanga yanga: ulendo wa ku Svalbard pa boti la matanga, wobira mu ayezi ndi kujambula nyama

Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5. Svalbard ndi gulu la zilumba za m'nyanja yozizira, kutali kumpoto kwa Norway. Ndinapita mu Julayi, pa boti lachitsulo la matanga lonyamula alendo osakwana 12, kuchokera ku Longyearbyen, tauni yaikulu ya kumeneko, kulowera kumpoto chakumadzulo kwa chilumba cha Spitsbergen. Kampani yake imautsatsa ulendowu kuti uli ndi zinthu zitatu: kuyenda ndi mphepo, kubira m'madzi a ayezi, ndi kujambula nyama zakumeneko. Zitatu zonsezi zilipodi, koma sizikwana mofanana m'boti limodzi laling'ono. Amene akufuna kutulutsa ndalama zambiri chonchi adziwiretu kuti china chidzadya nthawi ya chinzake, ndipo afunse msanga kuti chodyedwacho chidzakhala chiti.

Ndiyambe ndi nkhani ya mapepala, chifukwa ife a pasipoti ya Malawi ndi imene ingatilepheretse tisanaone n'komwe nyanja. Svalbard ili pansi pa ulamuliro wa Norway malinga ndi pangano la mu 1920, ndipo kulowa pazilumbazo sikufuna viza. Koma ndege zopita ku Longyearbyen zimanyamuka ku Oslo kapena ku Tromsø, mizinda ya ku Norway imene ili m'dera la Schengen (mayiko a ku Ulaya amene umalowamo ndi viza imodzi), ndipo Svalbard ili kunja kwa deralo. Ndiye kuti popita umalowa mu Schengen n'kutulukamo, pobwera umalowanso. Viza yolowera kamodzi siyokwanira, pamafunika yolowera kawiri kapena kangapo. Mapepala amene kampani inatitumizira analemba zambiri za masokosi ndi zipewa, koma za vizayi munalibe. Anawalemba poganizira anthu a ku Ulaya okha, ndipo apa akonze.

Botilo ndi lolimba, lofunda mkati, koma lothina. Pogona ndi pa timabedi tosanjikizana, katundu wako umagona naye kumapazi, ndipo madzi osamba ndi oyeza. Izi sizinandidandaulitse, ndinkaziyembekezera. Chimene sindinkayembekezera n'chakuti matanga tinawakweza mwa apo ndi apo. M'ma fjord a ku Svalbard, momwe nyanja imalowa kumtunda pakati pa mapiri, nthawi yotentha mphepo imatha kuzimiririka tsiku lonse, kapena kuwomba kuchokera kumene mukulowera, choncho mtunda wambiri tinayenda ndi injini. Tsiku limene mphepo inabwera bwino kunja kwa Isfjorden, kaputeni anazimitsa injini, natiitana tonse kuzingwe, boti linapendekeka n'kuyamba kuthamanga mopanda phokoso, mbalame za fulmar zikuuluka m'mbali mwathu pafupi kwambiri moti lenzi yaitali inalibe ntchito. Zinali zosangalatsa zedi. Koma ngati chokukokerani ndi matanga okha, ulendowu sungakukhutitseni.

Phindu lenileni la boti laling'ono ndi malo amene limalowa. Pakati pa Spitsbergen ndi chilumba chachitali cha Prins Karls Forland pali mpita wa Forlandsundet, umene chakumpoto kwake ndi wosaya moti sitima zikuluzikulu za alendo zimazungulira kunja. Ife tinadutsa momwemo, pang'onopang'ono, maso a kaputeni ali pa makina oyeza kuya. Tinkaponyanso nangula m'timagombe tobisika mopanda boti lina lililonse, n'kukhala pamenepo mpaka kuwala kukhale momwe ojambula akufunira. Ku Longyearbyen dzuwa sililowa kuyambira cha pa 20 Epulo mpaka cha pa 22 Ogasiti, choncho nthawi ya pawotchi inalibe mphamvu. Kangapo tinadya chakudya chamadzulo kenako n'kutsika kukajambula pakati pa usiku dzuwa lili phwee.

Tsopano za kubira, zimene ndinapitira.

Ine ndinaphunzira kubira ku Nkhata Bay, kujambula mbuna m'miyala, m'madzi amene sazizira kufika pa madigiri 20 chaka chonse. Drysuit, chovala chobira nacho chosalowa madzi chimene umachithira mpweya mkati, ndinaiphunzirira ku Scotland kumene ndimakhala pano. Kampani inafuna umboni wakuti munthu wabirapo ndi drysuit m'madzi ozizira kosachepera ka 30, ndipo mtsogoleri wa obira anatsegula bukhu la aliyense n'kuwerenga tisananyamuke. Tsiku loyamba anatilowetsa pamalo osaya kuti aone mmene aliyense akudzigwirira. Mmodzi mwa anzathu, yemwe mpweya unkamuthawira kumiyendo n'kumutembenuza, anauzidwa mwaulemu koma mosabisa kuti kufupi ndi ayezi sapita mpaka zitakhala bwino. Pamenepo ndinadziwa kuti tili m'manja mwa munthu wodziwa ntchito yake.

Malamulo ake anali okhwima ndipo onse anali ndi chifukwa. Kuya osapitirira mamita 20, chifukwa thandizo lili kutali, ndipo helikoputa yochokera ku Longyearbyen imadalira nyengo. Aliyense akhale ndi ma regulator (zipangizo zopumira mpweya wa m'silinda) awiri osadalirana, opangidwira madzi ozizira. Mpweya ukamatuluka m'silinda umazizira kwambiri, ndipo m'madzi a madigiri 1 kapena 2 chinyontho chochepa chabe chimaundana mkati mwa regulator, n'kuisiya yotseguka, mpweya n'kumangothawa. N'chifukwa chake ankatiletsa kupumira mu regulator tili pamwamba: uyambe kukoka mpweya nkhope ili kale m'madzi. Zinamuchitikira mnzanga amene ndinkabira naye. Thovu linangoti fwaa kumaso kwake, iye anasinthira ku regulator yachiwiri, ine ndinamutsekera valavu ya yoyambayo, tinakwera bwinobwino. Tinali titayeserera zimenezi pa boti ndi magolovesi okhuthala m'manja, ndipo kuyesererako ndi kumene kunagwira ntchito.

Kuzizira kumayamba ndi milomo, imene imachita dzanzi m'mphindi zoyambirira, kenako zala. Pofika mphindi 30 zala zimakana kukanikiza mabatani a kamera. Amene anabwera ndi magolovesi osalowa madzi ankakhala nthawi yotalikirapo kuposa a magolovesi onyowa, ndipo ndikulangiza kuti musaumire ndalama pamenepa.

Kubira pafupi ndi chimwala cha ayezi ndi chinthu chimene sindinaonepo chofanana nacho. Mtsogoleri ankasankha chimwala chimene chakhazikika pansi pamchenga, osati choyandama, chifukwa choyandama chimasungunuka kunsi n'kugubuduka mosachenjeza. Ankachizungulira kaye ndi kaboti, kuyang'ana ming'alu ndi mbali zolendewera, ndipo kawiri konse anachikana chimwala chokongola ife tili kale m'zovala. Pansi pa madzi ayeziyo si yoyera ngati pamwamba. Ndi yobiriwira mozama, pena yoonekera mkati ngati galasi, yodzaza timaenje tosalala kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo mkati mwake mumaoneka timathovu ta mpweya umene unatsekeredwa chipale chikupanikizika zaka mazanamazana zapitazo. Timathovuto tikamamasuka timalira, ndipo phokoso lake limadzaza m'makutu ngati mbuliwuli zikuphulika m'chiwaya. Ukayandikira pamakhala chinthu china chofunika kuchidziwa. Zimwalazi zimagumuka ku ma glacier, mitsinje ya ayezi yotsika m'mapiri, ndipo ayezi ya glacier ndi madzi opanda mchere, ndiye pozungulira chimwalacho pamakhala madzi osungunuka amene sanyamula thupi ngati madzi amchere. Ukalowamo umayamba kumira, ukatulukamo umayamba kukwera, ndipo pamene madzi awiriwa akusakanikirana chilichonse chimaoneka mwachimbuuzi, kamera n'kumalephera kugwira chithunzi. Amene tinazolowera kusintha miyala yolemetsa pochoka kunyanja ya Malawi kupita kunyanja yamchere timakudziwa kusiyana kumeneku, koma kuno kumachitika pa mtunda wa mkono umodzi, dzanja lili pa batani la mpweya nthawi yonse.

Chimene malonda awo sanena poyera n'chakuti mu Julayi madzi a mkati mwa ma fjord ndi amatope. Ma glacier akusungunuka kwambiri nthawi imeneyi, ndipo amatsanulira m'nyanja fumbi la miyala imene aipera. Ku Kongsfjorden tinalowa m'madzi oti dzanja lako lomwe sulikuliona bwino, ndipo tinatuluka msanga. Zithunzi za madzi oyera mbee zimene zili pa tsamba lawo sizinajambulidwe malo ngati amenewo mwezi umenewu. Madzi abwino tinawapeza kunja, kumagombe oyang'ana nyanja yaikulu chakumpoto. Kumeneko kuli nkhalango za zomera za m'nyanja zotchedwa kelp, zazitali kuposa munthu, nkhanu za miyendo yaitali, ndi tinyama toonekera mkati totchedwa sea angel, tosaposa chala, tokupiza timapiko tiwiri, tili ndi kadontho kofiira pakati. Ndinatha nthawi yonse ya kubira kwina ndikutsata kamodzi ndi lenzi yojambulira tinthu tating'ono, ndipo chithunzi chimenecho ndimachikonda kuposa cha chimbalangondo.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha zinthu ziwiri. Choyamba, kaboti ka labala kanali kamodzi. Obira akakhala m'madzi kabotiko kayenera kukhala pamwamba pawo, ndipo n'zoyenera kutero. Koma ndiye kuti ojambula amene sabira ankangokhala pa boti kudikira, nthawi zina kuwala kwabwino kukudutsa, ndipo ojambula akatsikira kumtunda obira ankadikira. Panalibe amene anakangana, koma nkhope zinkaonetsa. Kompuresa yodzazira masilinda inalinso imodzi, yaing'ono, yaphokoso, ndipo kubira kawiri pa tsiku kunali kosowa. Chachiwiri, malo oyanikira zovala anali osakwanira. Zovala zamkati mwa drysuit zikanyowa ndi thukuta sizinkauma, ndipo kuvala chonyowa m'mawa ukupita m'madzi a madigiri 2 kumafupikitsa nthawi yako pansi. Boti lotsatsa kubira liyenera kukhala ndi chipinda chofunda cha ntchito imeneyi.

Za kujambula nyama ndilibe dandaulo, koma ndili ndi chenjezo kwa amene akulota chimbalangondo choyera chodzaza chithunzi. Kuyambira pa 1 Januwale 2025 lamulo la ku Svalbard limati munthu akhale mamita osachepera 300 kuchokera pa chimbalangondo, ndipo kuyambira pa 1 Marichi mpaka pa 30 Juni ndi mamita 500. Kaputeni wathu analitsata ndendende. Chimbalangondo tinachiona chikuyenda m'mphepete mwa gombe chakumpoto, chikununkhiza m'miyala, ndipo ngakhale ndi lenzi ya mamilimita 600 chinali chaching'ono pachithunzi. Mlendo wina anapempha kuti tisunthire pafupi pang'ono, kaputeni anakana, ndipo ndimamulemekeza pa chimenecho. Nyamazi zakhala zotetezedwa kuyambira mu 1973, ndipo chilimwe kwa izo ndi nthawi ya njala popeza ayezi yosakirapo imakhala itathawira kumpoto. Kuzithamangitsa chifukwa cha chithunzi n'kuzidyera mafuta a m'thupi amene zikusunga. Chithunzi chimene mungabwere nacho ndi cha chimbalangondo chili m'dziko lake, mapiri ndi glacier kumbuyo, ndipo ndi chabwino mukachivomereza msanga n'kusiya kulimbana ndi kukula kwa nyamayo.

Ma walrus, nyama zikuluzikulu za m'nyanja zokhala ndi minyanga iwiri, ndiwo anatipatsa nthawi yokwanira. Ku Poolepynten anagona mulu pamchenga, akukankhana ndi minyanga, akubuula, fungo lawo likutipeza tisanafike. Anasakidwa mpaka kutsala pang'ono kutha asanatetezedwe mu 1952, ndipo kuwaona ochuluka chonchi kumakhudza mtima. Wotitsogolera, mfuti ili paphewa monga zimakhalira paliponse kunja kwa tauni chifukwa cha zimbalangondo, anatiyendetsa pamzere umodzi, mwakachetechete, n'kutikhazika pansi patali. Patapita nthawi awiri anatulukira m'madzi pafupi ndi gombe n'kumatiyang'ana, ndevu zikudontha. Tsiku limenelo kubira kunaletsedwa m'dera lonselo, chifukwa walrus m'madzi si nyama yoseweretsa. Ku Fjortende Julibukta tinajambula mbalame za puffin pamatanthwe tili m'kaboti, ndipo ku Alkhornet, pansi pa phiri la mbalame zikwizikwi, ana a nkhandwe ankasewera pakhomo pa una wawo, ma reindeer, agwape a kumaiko ozizira, akudya msipu umene ndowe za mbalamezo zimameretsa. Tinkafuna kukafika ku Alkefjellet mu mpita wa Hinlopen koma ayezi inatseka njira, tinabwerera. Kampani inanena kale kuti njira imasintha, ndiye sindiwerengera ngati cholakwa.

Ojambula adziwe izi. Mabatire amatha msanga, asungeni m'thumba lamkati pafupi ndi thupi. Kamera yozizira musalowe nayo m'chipinda chofunda ili poyera, imachita nthunzi mpaka mkati mwa lenzi. Itsekereni m'chikwama muli panja, ifunde pang'onopang'ono. Pojambula muli pa boti, pemphani kuti azimitse injini, kunjenjemera kwake kumaononga zithunzi za lenzi yaitali, ndipo kaputeni wathu ankachita zimenezi asanapemphedwe. Drone ndi yoletsedwa m'madera otetezedwa, omwe ndi mbali yaikulu ya njirayi. Ku Ny-Ålesund, mudzi wa asayansi kumene kudakali mlongoti umene chibaluni chachikulu chouluka ndi injini chotchedwa Norge chinanyamukirapo ndi Roald Amundsen mu 1926, WiFi ndi Bluetooth zimazimitsidwa pa mtunda wa makilomita 20 kuzungulira, chifukwa zimasokoneza zipangizo zoyezera. Lamuloli likukhudzanso kamera ndi wotchi, osati foni yokha.

Chakudya chinali chabwino ndi chokwanira, msuzi wotentha unkatidikira nthawi iliyonse tikatuluka m'madzi, ndipo wophika ankakumbukira amene sadya nkhumba popanda kumukumbutsa. Mtengo umene amalemba suphatikiza ndege, hotela ya ku Longyearbyen yomwe ndi yodula, katundu wolemera wa pandege, ndi inshuwalansi. Inshuwalansiyo muiwerenge bwino kuti ikutchula kubira m'madzi ozizira ndi kunyamulidwa pa helikoputa kuchokera kumadera akumpoto kwenikweni, chifukwa zambiri za maulendo wamba sizifika kumeneko. Musanalipire, alembereni muwafunse kuti pa ulendo wanuwo obira ndi angati, osabira ndi angati, ndipo timaboti ta labala ndi tingati.