Ndemanga yanga pa azamba a pa kiliniki yathu kuno ku Chipata

Amayi anzanga ku msika akhala akundifunsa ngati nkoyenera kukachirira pa kiliniki yathu, choncho ndalemba zimene ndinaona. Ndinachirira kumeneko mu 2024, nthawi ija magetsi ankangozima chifukwa madzi anachepa ku Kariba. Uyu anali mwana wachitatu. Woyamba ndinaberekera kumudzi ku Katete m'manja mwa agogo, ndiye ndili ndi pofananizira.

Za sikelo sindichulukitsa. Mzere ndi wautali, ukafika mbandakucha umachoka dzuwa lili pamutu. Koma zofunika ndinalandira osalipira kanthu: Fansidar woteteza malungo, mapiritsi owonjezera magazi, katemera wa kafumbata ndi neti. Tinayezedwanso HIV pamodzi ndi abambo a kunyumba. Ulendo uliwonse ankandiyeza BP ndi kumvetsera mtima wa mwana. Anandiuza kuti masiku ano amafuna mayi aonedwe maulendo 8, osati anayi ngati kale. Ine ndinakwanitsa asanu ndi limodzi.

Chimene ndikulembera makamaka ndi ola limodzi lija mwana atangobadwa.

Matenda anayamba usiku, ndipo mzamba anali mmodzi yekha, ife amayi atatu. Magetsi kulibe, nyali ya sola ikuwala mozimirira, apongozi anga atagwira tochi ya foni. Mwana atatuluka, a sisita anamupukuta nkumugoneka pachifuwa panga khungu kwa khungu, kenako anandibaya pantchafu jakisoni wolimbitsa chiberekero. Apongozi anayamba kale kuimba foni kumudzi kuti "wachira, wachira, ndi mwamuna!" Ine ndinkangomva tulo tokoma. A sisita okha ndi amene sanaseke. Anayang'anitsitsa nsengwa pa tochi kuti aone ngati yatuluka yonse, anandigwira pamimba, nati, "Amayi, musagone, ndiyang'aneni ine." Chitenje chapansi chinali chitanyowa kale ndi magazi.

Anandisisita mimba mwamphamvu moti ndinakuwa kuposa pobereka. Anaika diripu yokhala ndi oxytocin, mankhwala olimbitsa chiberekero kuti magazi aleke, anatulutsa mkodzo ndi kapaipi, nauza apongozi kuti amuike mwana kubere. Nambala ya ambulansi yopita ku Chipata Central Hospital inali itakonzeka, koma magazi analeka tisanafike pamenepo. Kutacha anandifotokozera: pamene nsengwa yachoka pamatsala mitsempha yotsegula, ndipo chiberekero chikapanda kulimba ngati mpira, magazi amangotuluka, mayi nkupita mwakachetechete anthu akusangalala. Agogo anga anali odziwa kulandira mwana, ndimawalemekeza mpaka lero, koma jakisoni uja analibe. Ndikaganiza zimenezo thupi limachita tsemwe.

Zolakwika zilipo. Mtsikana wina wamng'ono, mimba yake yoyamba, anakalipidwa chifukwa cholira, ndipo zinandiwawa. Ndikudziwa kuti munthu wosagona amakwiya msanga, koma mtsikana wotere akabwerera kwawo amakauza anzake kuti kuchipatala amanyoza, mawa wina nkuberekera kunyumba. Chinanso ndi katundu amene amatilembera kuti tibwere naye: Jik, magolovesi, pulasitiki yoyala, ndowa, zitenje zingapo. Ife ogulitsa tomato timapirira, nanga mayi amene chimanga chake chinapsa ndi chilala chaka chomwecho? Ndipo mzamba mmodzi kwa amayi atatu si chilungamo kwa iye ngakhale kwa ife. Wina akadayamba kutaya magazi nthawi imodzi ndi ine, akadathamangira ndani?

Tisanatuluke mwana analandira katemera wa BCG woteteza chifuwa chachikulu ndi madontho a poliyo. Anatiletsa kupaka phulusa kapena mankhwala a kumudzi pa mchombo, ndipo ananena zimenezi akuyang'ana apongozi mwaulemu, "Agogo, mchombowu usiyeni uume wokha." Anatiuza kubweranso pakatha masiku 6, kenako masabata 6.

Kodi ndingatumize mng'ono wanga kumeneko? Inde, ndipo ndamuuza kale. Ayambe sikelo mimba isanaoneke, akonze chikwama mwezi wachisanu ndi chiwiri, asunge ndalama ya takisi ya usiku. Amene amakhala kutali, a SMAG a m'mudzi mwanu, anthu odzipereka amene amalangiza za uchembere wabwino, angakuuzeni komwe kuli nyumba yodikirira amayi. Ndipo azamba akakuuzani kuti musathamangire kutuluka mutachira, khalani pabedipo, ngakhale nyumba ili pafupi.