Kompyuta yanga ya 2011 patatha zaka ziwiri chiikireni SSD ndi RAM

Alamu anga a ku Chipata anandifunsa sabata yatha ngati n'kwanzeru kuikitsa SSD (disiki yamakono yothamanga yosungiramo mafayilo) ndi RAM (memore imene kompyuta imagwirira ntchito ikayaka) mu laputopu yawo yakale, kapena angosunga ndalama adzagule ina. Pa WhatsApp ndinawayankha mawu awiri atatu, koma nkhaniyi ndi yaitali, chifukwa njira imeneyi ine ndinayendamo kale ndipo papita zaka pafupifupi ziwiri.

Ndili ndi kashopu kotaipa ndi kupulinta ku Chilenje, mu Lusaka. Ma CV, makalata ofunsira ntchito, zolemba za ana a sukulu, kuthandiza munthu kutenga TPIN (nambala ya msonkho) pa intaneti, ntchito zanga ndi zimenezo. Desikitopu imene imandidyetsa ndi ya 2011: purosesa (ubongo wa kompyuta) Core i3-2100, bodi (pamene pamalumikizidwa zida zonse za mkati) ya H61, RAM ya 4GB, ndi hadi disiki ya 500GB imene inkalira ngati chigayo ukangoiyatsa. Kumayambiriro kwa 2024 zinafika poti kasitomala amakhala pa benchi kudikira kuti Word itseguke, ena n'kunyamuka kupita kwa mnzanga wa tsidya la msewu. Ndinaikweza basi, pamodzi ndi laputopu ya mwana wanga wamkazi ya 2015, mpaka m'tauni, pa kashopu kena ka kufupi ndi Katondo Street.

Zonse pamodzi ndinalipira K2,600. M'menemo munali ma SSD awiri a 256GB, RAM ina ya 4GB ya desikitopu kuti ifike 8GB, RAM ya 8GB ya laputopu, purosesa yogwirapo kale ntchito ya Core i5-3470, ndi ya manja a wogulitsayo. Lisiti anandipatsa, walanti ya miyezi 6 italembedwa ndi bolopeni pansi pake.

Zimene zinayenda bwino ndizinene mwachidule. Desikitopu inkatenga mphindi zingapo kuti idzuke, tsopano theka la mphindi silikwana, ndipo mpaka lero sinabwerere m'mbuyo. Bodi ya H61 ili ndi polumikizira disiki pakale pa SATA II pokha, choncho SSD imathamanga cha m'ma 270MB pa sekondi m'malo mwa 500 ndi kupitirira imene imalembedwa pa bokosi, koma potaipa kalata kusiyanako sikuoneka. Laputopu nayo inatsitsimuka, siitenthanso ntchafu, batire limakhalitsako pang'ono. Apa wogulitsa ndimuyamikire: anadziwa kuti laputopu ya chaka chimenecho imafuna RAM ya mtundu wa DDR3L ya 1.35V, osati DDR3 wamba ya 1.5V, ndipo anapukuta fumbi mu fani n'kupaka phala latsopano pa purosesa osandilipiritsa padera. Purosesa ya K500 ija ndiye sindinaone phindu lake. Anandinyengerera kwambiri, akuti ma core (tizigawo togwira ntchito mkati mwake) anayi m'malo mwa awiri, koma pa Word ndi kupulinta kompyuta imayenda chimodzimodzi. Imathandizako pokhapokha ndikamalumikiza mapepala ambiri osikana kukhala PDF imodzi.

Tsopano vuto lake, limene linandisowetsa mtendere nyengo yonse yotentha ya 2024.

Tonse tikukumbukira chilala cha chaka chimenecho. Madzi anatsika ku Kariba, malaiti anayamba kupita maola 8 patsiku mu Malichi, ndipo pofika Seputembala tinkakhala maola 17 kapena kuposa opanda magetsi. Ine ndinkagawana kajenereta ndi wometa tsitsi wa pakhomo loyandikana nane. M'mawa wina nditayatsa, panabwera mawu oyera pa sikirini yakuda onena za CMOS, akuti dinani F1. Nditadina, chizindikiro cha Windows chinaoneka kamphindi, kenaka sikirini yonse buluu, pansi palembedwa INACCESSIBLE BOOT DEVICE. Kuzimitsa, kuyatsanso, zomwezo. Pa benchi panali mayi wina amene ankafuna CV yake yomwe tinalemba dzulo lake, akuthamangira kukasiya ku ofesi ina isanakwane 10 koloko.

Ndinabwerera nayo m'tauni, lisiti lili m'thumba. Wogulitsa sanatsegule n'komwe chivundikiro. Anangoyang'ana sikirini n'kunena kuti, "Ba mudala, apa ni malaiti. Windows yaonongeka, ndipo walanti siigwira pa za malaiti." Anati aikemo Windows ina pa K150. Ndinamufunsa za mafayilo, iye anati ayesa. Madzulo kompyuta inali ikuyaka, koma foda ya makasitomala ya miyezi ingapo inali itapita. Za kale kwambiri zinapulumuka chifukwa hadi disiki yakale ija ndinaiika m'kabokosi ka USB n'kumasungiramo zinthu. Zatsopano zokha ndi zimene zinatayika, ndipo anthu ena ndinawalemberanso ma CV awo ulere, akundiuza pakamwa sukulu ndi zaka zimene anagwira ntchito.

Buluu uja sanabwerenso, koma matenda sanathe. M'mawa uliwonse F1. Ikayaka, tsiku pakona ya sikirini likuti Januwale 2011. Ukatsegula Chrome, tsamba lililonse likukana, akuti wotchi yanu yatsalira. Gmail osatseguka, WhatsApp ya pa kompyuta osalumikiza, za TPIN osatheka. Ndinkayamba ndakonza tsiku ndi manja, ndipo malaiti akangothima masana tisanayatse jenereta, basi tabwereranso ku 2011. Mafayilo amene ndinkasunga ndisanakonze tsiku ankapita pansi penipeni pa mndandanda, kasitomala ataima pambuyo panga ine ndikufufuza kalata yake ya dzulo pakati pa zinthu za zaka 13 zapitazo. Nditamuimbira wogulitsa anati bodi yakalamba, SSD nayo mwina yapsa mbali, ndibwere ndi K1,200 andipezere bodi ina ndi SSD ina. Masiku amenewo munthu akanandifunsa ndikanamuuza kuti kukonza kompyuta yakale n'kutaya ndalama m'chimbudzi. Mtima unali utawawa.

Amene anandiombola ndi mnyamata wina wa m'komboni mwathu, wophunzira za makompyuta ku koleji, amene anabwera kudzapulinta ripoti lake. Anandiona ndikudina F1, anaona ndikukonza tsiku, n'kufunsa mwaulemu, "Ankolo, batire ya pa bodi munasinthapo?" Ine sindinkadziwa kuti desikitopu imakhala ndi batire. Anatsegula chivundikiro ndi sikuludiraiva yanga yomwe, n'kundionetsa kanthu kozungulira konyezimira pafupi ndi pamene pamalowa RAM, kolembedwa CR2032, 3V. Anakakankha ndi chikhadabo, kanadumpha. Tinatuma mwana kukagula kena pa K25.

Anandifotokozera bwino, ndipo ndikufuna aliyense wa desikitopu yakale mu Lusaka muno amve. Kompyuta ikakhala yolumikizidwa ku magetsi, ngakhale itazimitsidwa, bodi imalandirabe kamphamvu kochepa kosungira wotchi ndi zosankha za mu BIOS, kapulogalamu ka pa bodi kamene kamadzuka Windows isanayambe, ndipo mosungiramo zimenezi ndi mu CMOS muja. Kabatire kaja kamagwira ntchito pokhapokha magetsi a pakhoma akachoka. Kanga kanali ka 2011, kotopa kale, ndipo maola aatali opanda malaiti anakamaliza. Kakafa, BIOS imaiwala zonse n'kubwerera mmene inachokera ku fakitale. Pa bodi yanga, zimenezo zikutanthauza kuti njira yolankhulirana ndi disiki imachoka pa yatsopano ya AHCI n'kupita pa yakale ya IDE. Windows inaikidwa pa AHCI, ndiye itadzuka n'kupeza IDE inalephera kuona disiki yake. Buluu uja anali ameneyo. Windows sinaonongeke, SSD sinapse, mafayilo anga onse analipo bwinobwino mpaka pamene anawafufuta. Kukanangofunika kulowa mu BIOS, kubweza AHCI, n'kusintha kabatire, ntchito ya mphindi zisanu.

Chinanso anapeza n'chakuti Windows yatsopano ija inaikidwa BIOS ili pa IDE, ndiye SSD inkagwira ntchito mopunduka nthawi yonseyo. Anaibweza pa AHCI podutsa mu Safe Mode (kayatsidwe ka Windows kokonzera zovuta), osafufuta kanthu. Ndinamupatsa K100 akukana, ndipo ripoti lake ndinapulinta ulere. Kuchokera tsiku limenelo F1 sindinamuonenso.

Ndinapitanso m'tauni ndi kabatire kakufa kaja m'manja. Sindinapite kukakangana. Ndinkafuna K150 yanga, ndiponso kuti amve kuti anandifufutira ntchito ya anthu popanda chifukwa. Iye anaseka pang'ono n'kunena kuti batire si mbali ya zimene anandigulitsa. N'zoona, sanandigulitse. Koma munthu amene anatsegula kompyuta ya zaka 13, kuchotsa purosesa, kusintha BIOS kuti ilandire Core i5 ya m'badwo wachitatu, kabatire kali pamaso pake, osakasintha kapena kundichenjeza, kenaka n'kuona uthenga wa CMOS pa sikirini n'kunena kuti ni malaiti, ameneyo mwina ntchito saidziwa, mwina ankafuna K1,200 ija. Zonse ziwiri sizindisangalatsa. Ndalama sanabweze. Anati ndikadzagula china adzandichotserako.

Pali nkhani ina imene sananditchulire pogulitsa, ndipo alamu ndawauza kuti aiganizire kwambiri asanatulutse ngwee. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kupatulako zochepa chabe. Desikitopu yanga ndi ya m'badwo wachitatu, laputopu ya mwana wachisanu, zonse zatsalira kunja. Kaya uikemo SSD yothamanga bwanji, kaya RAM ifike 16GB imene bodi ya H61 imalola, chitseko chimenecho sichitseguka. Alipo anyamata m'tauni amene amaikakamiza Windows 11 kulowa m'makina akale, ndipo imayenda, koma ine pa kompyuta imene anthu amalowerapo m'maimelo awo ndi kulembapo manambala a ziphaso zawo sindifuna zokakamiza. Mwana wanga anaika Linux Mint m'malo mwa Windows pa laputopu ndipo akuti ikumukwanira pa za sukulu. Ku shopu sindingatero msanga, chifukwa makasitomala amabwera ndi mafayilo a Word ndi Publisher amene amafuna atuluke ndendende mmene anawakonzera.

Ndiye kwa alamu ndinati ayambe aona m'badwo wa purosesa yawo. Ngati ndi wa 8 kapena kuposa, aikitse SSD ndi RAM mosakayika. Ngati ndi yakale ngati yangayi, SSD yokha ndi RAM pang'ono, purosesa asakhudze, ndipo ndalama isapitirire imene angaipirire kutaya pakatha zaka ziwiri. Afunsenso mtengo kawiri katatu, chifukwa chakumapeto kwa 2025 RAM ndi ma SSD zinakwera mtengo padziko lonse, makampani a AI ankagula zambiri, ndipo za m'tauni muno zimatsatira dola. Asanapereke makina kwa aliyense, mafayilo akopere pa fulashi.

Ndikawerengera bwino, pa K2,600 ija K2,100 inabwerera kalekale kudzera mwa makasitomala amene sanathawenso pa benchi. K500 ya purosesa ndi K150 ya Windows ndi zimene zimandiwawabe, makamaka K150, ngakhale ndi yochepa. Pano ndikusunga pang'onopang'ono kuti ndigule desikitopu yogwirapo kale ntchito ya m'badwo wa 8, ndipo SSD yomweyi ndidzaisamutsira m'menemo, poti ikadali yamoyo ndithu. RAM ya DDR3 ndiye idzatsala, makina amenewo amafuna DDR4. Kuchotsera kumene anandilonjeza wa ku Katondo uja akhale nako, ndikagula kwina, ndipo mnyamata wa ku koleji uja ndidzapita naye kuti akatsegule chivundikiro ndisanalipire.